Ndinafunsira Mbeta Kudzera m'Katuni

Ine cholinga changa chinali choyera, abale anga, ndipo ngakhale mutandigwiritsa Baibulo ndinena zomwezo: ndinkangofuna kuti anthu a pa Migowi azimva zimene makatuni akulankhula. Basi. Zinazo zinachita kubwera zokha, chimodzichimodzi, ine ndikuzitsegulira chitseko.

Kwa amene simundidziwa, ndine Ganizani, dijeyi wa pa vidiyo sho ya a Fulaye, ija ili kuseri kwa msika pafupi ndi pamene mavenda amapimira nandolo. Ntchito yanga n'kuika Chichewa m'kamwa mwa anthu a m'kanema. Munthu akatsegula pakamwa ndimamuikira mawu, akalankhula zambiri ndimafupikitsa, akangoti duu ndimamuonjezera, chifukwa munthu wa pa Migowi sangasiye ntchito zake kudzaonera mnzake atangokhala chete. Nkhope ndilibe, izi ndinavomera kalekale, koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine ndinadziwa maiki.

Tsiku lina mkulu wina amene amabweretsa zitenje kuchokera ku Milange anandisiyira fulashi, akuti muli makatuni a ku Japan, aja achinyamata amati anime, magawo khumi ndi awiri. Nditatsegula ndinapeza anthu ake akulankhula Chijapani, ndipo mawu olembedwa m'munsi aja anali a Chipwitikizi. Tsono ine, ngakhale agogo anga anachokera ku Mozambique konko, chimene anandisiyira n'kukonda nyemba za kalongonda ndi mawu angapo a Chilomwe otukwanira mbuzi. Chipwitikizi ndi Chijapani kwa ine n'chimodzimodzi, zonse ndi mvula pa malata. Munthu wanzeru akanabweza fulashiyo, kapena akanayamba waonera magawo onse kuti adziwe kumene nkhani ikupita. Koma ine ndine waphuma, amayi anga amati ndinabadwa azamba asanasambe m'manja. Ndinaonera gawo loyamba lokha n'kudziguguda pachifuwa kuti nkhani ndaimva yonse.

Nkhani yake inali ya chombo cha m'mlengalenga, chakutha ngati minibasi ya pa msewu wa Chiringa, chitseko chomanga ndi waya, chikuzungulira pakati pa nyenyezi kukapereka katundu wa anthu. Woyendetsa anali mtsikana wa tsitsi la buluu, wamkamwa, wosachedwa kupsa mtima, ndiye ndinamutcha Namondwe. Makaniko wa chombocho anali mnyamata waulesi wokonda kudya, ndinamutcha Sipanala. Panalinso chimunthu china chachitali chobiriwira, cha maso atatu, chimene chinkangobwerabwera m'chombomo popanda chifukwa chooneka. Chimenechi sindinavutike nacho, ndinangochitcha Maso Atatu.

Koma Namondwe ndi Sipanala, eee! Gawo lonse kukangana. Sipanala kutola nyama m'mbale ya Namondwe, Namondwe kuvula silipasi n'kumuphwanya nayo pamutu mpaka chotupa kutuluka nthawi yomweyo. Koma injini ikangoyamba kufuka, awiriwa amangoyang'anana kamodzi osalankhula, wina wadziwa kale waya woti akoke, wina wadziwa kale batani loti adine. Ndinawomba m'manja ndekhandekha m'chipinda. Ndinati awa ndiye chibwenzi chenicheni, angochita manyazi kuuzana. Nanga munthu ungamenye mlendo ndi silipasi?

Apa m'pamene Satana anandikhalira paphewa. Kutsidya kwa msewu, pakhonde la sitolo, pankakhala Eneless ndi makina ake osokera. Mtsikana wodekha, woimba kwaya, woseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Chaka chathunthu ndinali ndikumufuna, ndipo chaka chathunthu chimene ndinakwanitsa n'kung'amba dala matumba a mathalauza anga kuti ndipeze chopitira. Ine amene ndimalankhulira anthu khumi a karate nthawi imodzi, ndikaima pamaso pa Eneless malovu ankauma, n'kungoti, "Thumba lang'ambikanso." Iye n'kuti, "Mumasungamo misomali kodi?" Ine n'kuseka ngati chitsiru, n'kubwerera.

Ndiye ndinaganiza kuti chimene pakamwa panga pakulephera, Sipanala andinenera. Ndinauza a Fulaye kuti katuni imeneyi ikufunika mawu a mkazi weniweni, ndipo iwo anavomera msanga, akuti ine ndikamayeserera mkazi ndimamveka ngati mbuzi yokodwa ndi chingwe. Eneless anayamba waseka, kenako anati ayesa. Tinapangana kuti Lachitatu lililonse masana tizijambula mawu m'kachipinda ka kuseri, Loweruka tiziwonetsa gawo limodzi.

Maiki inali imodzi, abale. Imodzi! Mitu yathu inkachita kugundana, ine ndikumva fungo la mafuta ake odzola. Gawo loyamba ndinadzigwira, ndinalemba za injini ndi katundu basi. Gawo lachiwiri, Sipanala atamenyedwa silipasi ija n'kunena kanthu kena akusisita mutu, ine ndinamuikira kuti, "Ndimenye, Namondwe, bola dzanja lako landikhudza."

Eneless anayang'ana m'munsi mwa kanema, kenako anayang'ana ine, kambali ka pakamwa kaja katakwera.

"Wanenadi choncho?"

"Chijapani n'chozama, Ene," ndinatero. "Mawu amodzi amanyamula zambiri."

"Oho. Chabwino, a dijeyi."

Loweruka limenelo muholo munachita chipwirikiti. Pofika gawo lachinayi, amayi ogulitsa tomato ankasiyira anzawo malonda kudzaonera makatuni, zinthu zimene sizinachitikepo. Anthu ankakopera magawowo m'mafoni, mpaka ku Chiringa anafika, ndipo ndinamva kuti pa mjigo wina amayi awiri anasiya kulankhulana chifukwa wina ankati Namondwe akunyada, wina ankati mwamuna wakuba nyama m'mbale ngwosamuvomera. Anyamata a kabaza akandiona ankakuwa kuti, "Sipanala, tamuuze mwamuna iwe, tatopa!" Ine mutu unakula. Sabata iliyonse ndinkathira mchere woonjezera. Sipanala akaloza mawaya, ine ndimvekere, "Mtima wanga walumikizika kwa iwe." Akayasamula, ine ndimvekere, "Sinditha kupeza tulo poganiza za iwe." Ndipo chokoma kwambiri chinali chakuti mayankho a Namondwe ndinkalemba ndine ndemwe, ndiye Lachitatu lililonse ndinkamva Eneless akundiuza ndi mawu ake enieni kuti, "Nanenso ukachoka m'chombo muno mumazizira."

Chenjezo linabwera, sindinganame. M'gawo lachisanu munatulukira mayi wina wachikulire, wa tsitsi la buluu lotuwa, kudzawayendera m'chombo. Anafika n'kukalipira onse awiri, kenako kuwakumbatira pamodzi, kenako kulavulira pa kansalu n'kuyamba kumupukuta Sipanala kumaso. Ameneyu ndimuika pati? Ndinaganiza kwa mphindi imodzi yokha, n'kulemba kuti ndi amayi ake a Namondwe, abwera kudzaona mkamwini.

Loweruka lake, mayi wina wogulitsa makaka, a Nasibeko, anaimirira pakati pa sho.

"Iyayi, apa pokha ndakana! Mpongozi wanji wopukuta mkamwini kumaso ndi malovu? Kwathu kuno akakumana panjira wina amalowa patchire!"

Ine ndinatsitsa sipika n'kuyankha mwaulemu wonse kuti, "Amayi, kumeneko ndi kumlengalenga. Kulibe tchire loti munthu n'kulowamo." Anthu anaseka, a Nasibeko anakhala pansi akung'ung'udza, ine n'kumadziona ngati munthu wanzeru kwambiri m'boma lonse la Phalombe.

Chenjezo lachiwiri linali Maso Atatu. Chimunthu chija chinayamba kubwera ndi mphatso, tsiku lina duwa loimba, tsiku lina mwala wowala, ndipo chikangolowa, Namondwe nkhope inkafiira, utsi n'kumatuluka m'makutu, chombo n'kumayenda chokhotakhota. Ine ndinamasulira kuti chimunthucho chimanunkha, Namondwe chimamudwalitsa mutu. Ndinachipatsa mawu a m'mphuno, opusa, ndipo anthu anachida ndi mtima wonse. M'gawo lachisanu ndi chinayi Sipanala anachikhazika pa tebulo n'kumachifunsa mafunso nkhope ili gwa, akulemba m'kabuku, ine ndinati imeneyo ndi nsanje, akuchiopseza kuti chisiye mkazi wa mwini. Muholo anthu anaimirira n'kumawomba m'manja.

Koma kunja kwa katuni zinthu sizinkayenda. Tikamaliza kujambula, Eneless sankachoka msanga. Ankaima pakhomo, akupinda kapepala ka mawu kaja pang'onopang'ono, n'kufunsa kuti, "Pali china, a Ganizani?" Ndipo ine, mwana wa munthu, maiki itazima mphamvu zonse zinkathera pomwepo. Ndinkangoti, "Ayi, Lachitatu nthawi yomweyi." Akachoka ndinkadzimenya makofi. Pansi sindinkakhazikika, chakudya sichinkalowa, ndinkangozungulira msika ngati ndataya kanthu, tsiku lina ndinayenda wapansi njira ya ku Fort Lister mpaka kukafika m'minda ya anthu, ndikuyeseza mawu ochepa okha oti ndimuuze Eneless, ndipo pobwerera ndinangomudutsa pakhonde paja n'kumufunsa ngati ulusi wakuda ulipo. Ndinkamukonda mtsikana uja, izi ndinene poyera, ndipo ndinkaopa kuti magawo akatha ndiye kuti chifukwa chokhalira naye pafupi chathanso.

Ndiye ndinapanga pulani yaikulu. Gawo lomaliza tisajambule, tilankhule pamaso pa anthu, maiki ziwiri, tsiku la msika. Sipanala akamafunsira Namondwe, ine nditchule dzina lenileni la Eneless, ndipo iye ayankhe ndi mtima wake, popanda pepala. A Fulaye nditawauza anasangalala, anandilonjeza kuti nkhaniyi ikhala ya pakati pa ife awiri, ndipo dzuwa lisanalowe Migowi yense anali atadziwa.

Mukufunsa ngati gawo lomalizalo ndinaliona kaye? Ndinalitsegula, inde. Ndinathamangitsa kutsogolo kuti ndingosuzumira, ndipo chithunzi choyamba chimene ndinaimapo chinali ichi: Namondwe wavala diresi yoyera, Sipanala wavala suti, wamugwira pamkono. Ndinazimitsa pomwepo! Ndinavina ndekha m'kachipinda kaja mpaka kugunda mutu pa shelefu. Nanga pamenepo chotsala n'chiyani? Ndinapita kukagula shati yatsopano pa kaunjika.

Loweruka lija kunatentha ngati kukubwera mvula. Pofika thuu koloko muholo munali mutadzaza, ena atakhala pa mawindo, ena akusuzumira m'ming'alu ya matabwa, jenereta ikulira kuseri. Eneless anakhala pambali panga ndi maiki yake, nkhope yosaseka, akungoyang'ana pansi. Pa benchi yakutsogolo panakhala bambo wina wachikulire wa chipewa, amene sindinamuonepo mu sho.

"Amenewo ndi ndani?" ndinamunong'oneza.

"Amalume anga, a Mikundi. Anamva mawu anga m'foni ya munthu ku Chiringa, ndiye abwera kudzamva okha."

Mwini mbumba! Koma ndinadzilimbitsa kuti n'zabwinonso, amve okha kuti mnyamatayu ngwaulemu, mawa ankhoswe anga akadzapita asadzavutike. Chimene sindinkadziwa n'chakuti a Mikundi anayendetsa lole zaka zambiri ku Mozambique, ndipo Chipwitikizi amachita kusewera nacho.

Kanema inayamba. Sipanala wagogoda pachitseko, walowa, waona Namondwe mu diresi yoyera, misozi ikuchita kuthovoka ngati mpopi wothyoka. Ine ndinakonza kukhosi.

"Namondwe, lero ndiye lero. Nyenyezi zonse ndaziona, koma yowala ngati iwe..."

"Sananene zimenezo."

Anali a Mikundi. Sanakuwe, anangonena ngati mmene munthu amanenera kuti tayala laphwa. Anthu anawaletsa kuti akhale chete, ine ndinakweza sipika pang'ono n'kupitiriza.

"...yowala ngati iwe sindinaionepo."

"Wati, 'Achemwali, pansi pa diresi mwavala nsapato za ku ntchito.'"

Muholo munayamba manong'onong'o. Wina kumbuyo anafunsa kuti, "Akuluwo akuwerenga zili m'munsizo?" A Mikundi anatulutsa magalasi m'thumba la jekete, kuwapukuta bwinobwino, n'kusendera kufupi ndi kanema. Munthu wanzeru akanazimitsa jenereta, kapena akanakomoka. Ine ndinaona Sipanala wagwira mkono wa Namondwe, ayamba kuyenda pakati pa anthu m'chombo chokongoletsedwa ndi maluwa, ndinati mpata ndi womwewu, ndithamange ndimalize akuluwa asanawerenge zambiri. Ndinakweza sipika mpaka kumapeto n'kuyamba kulankhula ngati wogulitsa mankhwala a makoswe.

"Ndakhala chete nthawi yaitali, ndang'amba matumba, ndayenda mpaka ku Fort Lister, koma lero ndikunena pamaso pa anthu onsewa, Eneless, ndimakukonda, ndikufuna undilole, ndidzamange kwanu, ndidzalime nandolo m'munda mwa amayi ako..."

Ndipo ndili pakati pa nandolo pomwepo, kanema inatembenuka kuonetsa kutsogolo kumene awiriwa ankapita. Kunaima Maso Atatu. Wavala tayi. Maso onse atatu akulira. Sipanala anafika, kutenga dzanja la Namondwe, n'kuliika m'dzanja lobiriwira lija, n'kubwerera m'mbuyo.

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndipo mmalo movomereza kuti fisi wagwa m'mbuna, pakamwa panga, pamene panalephera kugwira ntchito chaka chathunthu, panasankha nthawi imeneyi kuti paonetse luso.

"Aise, tandigwirira kaye mkazi wangayu, ndimange zingwe za nsapato."

Abale inu! Sindinamvepo phokoso ngati limenelo. Benchi ina inathyoka. Mnyamata wina wa kabaza anagwa kuchokera pa windo. A Fulaye anatuluka panja atagwira m'mimba. A Mikundi okha sanaseke, anangotambasula dzanja, ndipo ine, ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa, ndinawapatsa maiki.

"Apa mnyamatayu akuti," anawerenga pang'onopang'ono, "'Ndakupatsa mlongo wanga. Ukadzamulizitsa, ndidzamasula mabawuti onse a chombo chako.' Awa ndi munthu ndi mlongo wake, a mimba imodzi. Mwamuna wake ndi wobiriwirayu."

"Ndinanena ine!" a Nasibeko anakuwa ataimirira pa benchi. "Ndinanena za mpongozi uja! Munati kulibe tchire, si choncho? Lero lowanimo inuyo!"

Ndinkaganiza kuti zathera pamenepo, koma anthu a pa Migowi akagwira nyama sasiya chikopa. Anayamba kukuwa kuti magawo akale abwerezedwe, akuluwa awerenge zoona zake. A Fulaye, amene sakana chimene makasitomala akufuna, anabwerera n'kuika gawo lachiwiri. Paja ine ndinati "bola dzanja lako landikhudza," a Mikundi anawerenga kuti, "Ndikakunenera kwa amayi." Paja ndinati mtima wanga walumikizika kwa iwe, akuti, "Waya uyu wadyedwa ndi khoswe." Paja Eneless ananena mokoma kuti ukachoka m'chombo mumazizira, akuti, "Ukatuluka uzitseka chitseko, galu iwe." Ndipo tebulo lija la nsanje, Sipanala ankafunsa Maso Atatu za kwawo, ntchito yake, ndi ngati anakwatirapo kale. Anali pa ntchito ya unkhoswe, ine ndikumusandutsa chibwenzi cha mlongo wake yemwe.

Atatopa kuwerenga, a Mikundi anavula magalasi n'kundiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku shati yanga yatsopano.

"Mwana iwe, tsitsi lofanana, mphuno yofanana, mayi mmodzi akuwapukuta kumaso. Kwanu ulibe alongo?"

"Alipo atatu, bambo."

"Sanakumenyepo ndi silipasi?"

Pa moyo wanga wonse anthu amene anandimenyapo ndi silipasi ndi atatu okha, ndipo onsewo tinayamwa bere limodzi. Nyama ya m'mbale ndinkaba kwa iwo omwewo.

Nditacheuka, mpando wa Eneless unali wopanda munthu, maiki yake ili pansi. Ndinatulukira khomo la kuseri n'kukamupeza pakhonde paja akuphimba makina ake ndi chitenje. Sankaseka, ndipo sankalira.

"Ene, pepa. Sindimadziwa kuti ndi pachibale."

"Ine ndimadziwa."

"Umadziwa bwanji?"

"Pulayimale ndinaphunzira ku Milange, ndikukhala kwa amalume omwewa. Ndakhala ndikuwerenga kuyambira gawo loyamba."

Masabata onse aja, ine ndikumuuza kuti Chijapani n'chozama, iye akuona ndi maso ake kuti akunena za khoswe! Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire.

"Chifukwa mawuwo amandikomera," anatero. "Ndimadziwa kuti si a Sipanala. Ndiye ndimaima pakhomo paja kudikira kuti mwina lero mwini wake anena yekha, maiki itazima. Lachitatu lililonse ndimafunsa. Inu mumati palibe."

"Koma lero ndanena."

"Lero mwauza msika. Mwatchula dzina langa pamaso pa amalume, pamaso pa anthu a kabaza, pamaso pa amayi a kutchalitchi, ine musanandifunse n'kamodzi komwe. Ndikanati eya ndikanavomera ndani, inu kapena katuni?"

Ananyamula makina ake kulowetsa m'sitolo, ine ndinatsala ndaima pakhonde ndi shati ya pa kaunjika. Kuseka kwa anthu kuja sikunandipweteke, ndinazolowera. Izi ndiye zinandipweteka, chifukwa mtsikanayo sananame paliponse. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa, tsono ine ndinachita kutuma munthu wojambula kuti akandinenere.

Masabata otsatira ndinayesa kukonza. Ndinapita kawiri, wopanda thumba long'ambika, koma ulendo woyamba panali makasitomala ndipo ndinangopereka moni, ulendo wachiwiri anandiuza mwaulemu kuti zinadutsa, tizingokhala bwino. Sho inapitirira kudzaza, moti a Fulaye anafuna kulemba ntchito a Mikundi, koma iwo anakana, akuti ali ndi munda.

Patapita miyezi ingapo, nandolo atakololedwa, ndinaona njinga yaima pakhomo pa sho. A Mikundi. Ndinaganiza kuti mwina zinthu zasintha, mwina mwana wawo wawatuma. Ndinawapatsa mpando, manja onse awiri.

"Mphwanga uja wapeza banja," anatero. "Mphunzitsi wa ku Chiringa. Anabwera yekha, ananena yekha, kenako anatuma ankhoswe. Chinkhoswe chili Loweruka la mawa, ndiye tikufuna woyendetsa mwambo pa maiki. Pakamwa pako m'pabwino, mwana iwe, bola wina azikuuza zoona zake. Zonena tikulembera."

Ndikanakana, si choncho? Munthu aliyense wa ulemu wake akanakana. Koma maiki inali kale m'maganizo mwanga, ndipo mwini mbumba atakhala pa mpando wako sumuyankha kuti ayi. Ndinapita. Ndinalengeza kulowa kwa akuchimuna, ndinalengeza kusinthana kwa tambala ndi thadzi, ndinaseketsa anthu pamene ankabweretsa atsikana ofunditsidwa zitenje kuti mkwati asankhe wake. Mphunzitsiyo anali wamtali, wofatsa, wa magalasi okhuthala, ndipo a Nasibeko, amene sindikudziwa anawaitana ndani, anakuwa kuchokera kumbuyo kuti, "Uja anali ndi maso atatu, uyu ali ndi anayi!" Pomaliza pepala la a Mikundi linati woyendetsa mwambo aitane mkwati adzalandire mbeta yake. Ndinawerenga monga mmene analembera, osaonjezera ngakhale mawu amodzi, koyamba pa ntchito yanga yonse.

Eneless podutsa pafupi nane, atagwirana dzanja ndi mphunzitsi wake, anaima pang'ono, kambali ka pakamwa kaja katakwera, n'kunena motsitsa kuti ndimve ndekha.

"Mwayendetsa bwino. Zikomo, achimwene."

Maiki inali yoyaka, abale anga. Mudzi wonse unamva.

Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira, ndipo mukhale mboni: sindidzatumanso katuni kukandifunsirira mkazi. Wotsatirayo ndidzapita ndekha, masana, ndi pakamwa panga pomwepa, ngakhale ndikakomoke pakhonde pake. Bola akandithire madzi akudziwa chimene ndinabwerera.